Mchenga wa m'chiwaya

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholongolola. Ndinkagulitsa zitumbuwa pakhomo pa nyumba yoonetsera kanema pa Chulu, ndipo ndinkasuzumira pa mng'alu wa chitseko n'kumafotokozera amayi anzanga zomwe zikuchitika m'katimo. Tsiku lina eni malowo, a Mbewe, anandimva. "Iwe, pakamwa pakopa pakungowonongeka panja pano. Lowa ukagwire maikolofoni."

M'mawa ndinkathira mafuta mu jenereta, kupukuta mutu wa deki ndi thonje loviika m'sipiriti ndi kubweza tepi kuchiyambi. Anthu akadzaza mabenchi ndinkakhala pambali pa sikirini n'kumawayankhulira Matchaina a m'filimumo m'Chichewa. Chinenero chawo sindinkachimva ngakhale liwu limodzi. Ndinkawerenga nkhope ndi zibakera basi.

Tepi yomwe inkakoka anthu inali yakalekale, zithunzi zake zofwifwa. Mnyamata amuphera bambo ake, iye n'kuthawira kuphiri kwa nkhalamba yandevu zoyera, yomwe imamuphunzitsa kupisa manja m'chiwaya cha mchenga wotentha kuti zala zilimbe. Kumapeto amaboola mdani wake pachifuwa ndi zala zomwezo. Ine filimuyi ndinkadana nayo. Munthu mmodzi amafamo kawiri, kachiwiriko atangomumata ndevu. Mkazi yekhayo amene alimo ntchito yake ndi kuthira tiyi ndi kulira. Koma amuna a kwathu ankaionera kukamwa kuli yasa, ndipo achimwene anga a Yohane sankaphonya.

Inali nthawi yothyola ndi kusoka fodya pamene mlamu wanga, mkazi wawo, anandipeza. "Alamu, achimwene anu anditengera chiwaya chokazingira mtedza. Akumakazinga mchenga kuseri kwa chigafa n'kumapisamo manja. Zala zonse matuza, singano yosokera fodya sakutha kuigwira." Fodya wothyola kale anali atayamba kuwolera pansi, ndipo banja lonse limadalira iyeyo. Nditawayankhula achimwenewo, anangoseka. "Ndiwe mkazi, sungazimvetse. Kuwawako ndiye kulimbako." Ndinamvanso kuti sanali okha.

Tsiku lamsika, masana, nyumba inadzaza mpaka ena kuimirira. Achimwene anakhala kutsogolo, zala zokulunga nsanza. Filimu itafika pa chiwaya paja, ndinadina batani loimitsa.

Phokoso lake! "Tsegula iwe!" A Mbewe anakuwa ali pakhomo: "Chotsa chala pamenepo!" Sindinachotse. Mkwiyo unaposa mantha. Ndinabweza tepi pang'ono n'kuimitsanso.

"Taonani bwino. Moto uwu, chiwaya ichi. Manja mukuwaona? Palibe." Ndinaiyendetsa pang'ono. "Tsopano manja awa, mchenga uwu. Nanga moto wapita kuti? Ndaionera filimuyi kuposa nonsenu, palibe pomwe moto ndi manja zimaoneka pamodzi. Mchengawu ndi wozizira, utsiwo akuukupizira kumbali. Ndipo taonani zala zakezo, zosalala ngati za mwana wasukulu. Yang'anani zanu. Munthu ameneyu atathyola fodya mzere umodzi angakomoke. Inu mukuotcha manja olima kuti mufanane ndi iyeyu?"

Ena anaseka, ena anatukwana. Bambo wina wachikulire anatembenuza manja ake akuda ndi utomoni wa fodya n'kumawayang'ana. A Mbewe anathamangira kunja kukazimitsa jenereta, ndipo atabwerera anandilanda maikolofoni. "Anthu amabwera kudzaona zodabwitsa, osati kudzalalikidwa. Upepese, apo ayi usadzapondenso pano." Ndinawauza kuti palibe chomwe ndalakwa. Ntchito inathera pomwepo.

Achimwene anatuluka osandiyang'ana. Ndinawachititsa manyazi pagulu, ndipo anandinyanyala nyengo yonseyo. Koma chiwaya chinabwerera kukhitchini. Popeza ntchito ndinalibe, ndinakakhala m'chigafa mwawo ndi mlamu wanga, tikusoka fodya mpaka zilonda za achimwene zitapola. Fodya wina tinamutaya, wambiri tinamupulumutsa.

Masiku ano ndimamasulira mafilimu pa kompyuta kuboma ku Kasungu. Nthabwala ndimathiramo, kukometsa ndimakometsa, chifukwa ntchito yake ndi imeneyo. Koma bodza loti munthu angakaliyese pathupi pake sindilikometsa, ngakhale bwana akwiye chotani. Chala chimodzi cha achimwene sichinawongokenso, ndipo ndimachimva akamandipatsa moni. Ndikadandaula, ndimadandaula kuti batani lija ndinachedwa kulidina.