Edina Sandalamu ndi Holo ya ku Nadzimbiri

Nadzimbiri ndi mudzi waung'ono kumtunda kwa Nsambe, kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimalowa mpaka m'mafupa. Dzinali linachokera ku kasupe wa kumunsi kwa mudzi, yemwe madzi ake amasiya dzimbiri pamiyala ndi m'ndowa. Anayambitsa mudziwu ndi mabanja ochepa ochokera ku Ntcheu, amene anatopa ndi kulimbirana madimba, nabwera ndi mbuzi, mbewu ya tirigu ndi mbande za nachesi. Mlendo akafuna kuona malo, amamutengera ku kasupeyo, kenako pathanthwe lalikulu lopunthirapo tirigu, kenako ku tchalitchi chomwe chinapendekeka chiyambire koma sichigwa. Pomaliza amamuonetsa holo, ndipo apa ndi pamene dzina la Edina Sandalamu limatchulidwa.

Edina anabadwira m'mudzi momwemo, nakwatiwa ndi Lameki, kalipentala wa mawu ochepa. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya chipani chimodzi, kunabwera lamulo loti mudzi umange holo yochitiramo misonkhano ya chipanicho. Amuna ankaumba njerwa kudambo, amayi n'kumazisenza kukwera nazo chitunda, anyamata a chipani ali pambuyo ndi nthyole. Lameki anapatsidwa ntchito ya zitseko, mawindo ndi mitanda ya denga. Edina anali ndi pakati pake poyamba, mimba itakula kale. Atapempha kuti apume anamuuza kuti mimba si matenda. Tsiku lina anagwa ndi njerwa zake pakati pa chitunda. Anamunyamula pamachira kupita naye ku chipatala cha Nsambe, koma mwana anatayika ali m'njira.

Lameki sanalankhule zambiri. Anangotenga zida zake, nauza wapampando wa chipani kuti chitseko chotsalacho akhome yekha. Anamumanga n'kumutengera ku Mwanza, kumene kunali boma nthawi imeneyo, ndipo pobwerako anali wowonda, akutsokomola. Anakhala zaka zingapo akudwaladwala, anabereka ana awiri aakazi, kenako anamwalira. Edina analera anawo ndi nachesi ndi mbatata ya kachewere. Mu holomo sanapondemo. Pakamveka kuti kuli msonkhano, iye ankalawirira kumunda wake wa kuseri kwa phiri, ndipo ngakhale anamuopseza kangapo, sanavinepo pamaso pa akuluakulu a chipani.

Pa riferendamu ya 1993, Edina anali m'gulu la oyamba kufika pamzere, ndipo pobwerera ankauza aliyense wokumana naye kuti wavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Chaka chotsatira boma linasintha. Binwell, mng'ono wake wa malemu Lameki, anasankhidwa kukhala wapampando wa chipani chatsopano m'deralo. Tirigu atangokololedwa, Binwell anafika kwa Edina akumwetulira.

“Alamu, ndabwera ndi nkhani yabwino. Komiti yagwirizana kuti holo ija tiigwetse. Malata tigawira mabanja amene anazunzika, ndipo oyamba kusankha ndinu.”

Edina anapitiriza kupeta tirigu wake. “Kodi mwagwirizana ndi ndani?”

“Ndanena kuti komiti.”

“Mu komitimo alimo anasenzako njerwa?”

“Alamu, nyumba imene ija inapha achimwene. Inakuphetsani mwana. Ine ndimayesa mulira ndi chimwemwe.”

“Anapha achimwene anu ndi anthu, ndipo ena mwa iwo ndawaona avala malaya a chipani chanu. Nyumba ilibe mlandu. Mitanda ili pamwamba apo anapala ndi Lameki. Njerwa za khoma la kumadzulo ndinasenza ndine. Ndikanena kuti siigwa, ndikunena za thukuta langa.”

Binwell anachoka akupukusa mutu. Anaganiza kuti mlamu wakeyo angonyinyirika basi.

M'mawa mwake Edina anatsetsereka wapansi kupita ku Nsambe kukaonana ndi namwino Ethel Mwalwanda, mayi wa ku Karonga amene anali atagwira ntchito pachipatalapo zaka zambiri. Anamufunsa chifukwa chimene amayi apakati a ku Nadzimbiri ndi midzi yoyandikana nayo amayendera ulendo wonsewo kudzangokwera sikelo. Namwinoyo anati iye akhoza kumakwera kumtundako mwezi uliwonse, koma sangapime mayi pansi pa mtengo, amuna akudutsa.

“Nyumba ilipo, ya zitseko zolimba,” anatero Edina. “Inu mungonena tsiku.”

“Nanga eni ake avomera?”

“Mwini wake ndi amene mukulankhula nayeyu.”

Tsiku logwetsa holo, anyamata anafika ndi makwerero, nyundo ndi zitsulo zozulira misomali. Anapeza chitseko chili chotsekula, Edina atayala mphasa pakati peni peni pa holo, akusenda nyemba. Aka kanali koyamba kulowamo. Anthu anasonkhana panja, ena akusuzumira pamawindo.

“Tulukani, alamu, malata angakugwereni,” anatero Binwell ali pakhomo.

“Agwe. Mukanene ku Mwanza kuti chipani chakale chinayamba ndi mwana, inu mwamaliza ndi mayi wake.”

“Musatichititse manyazi. Iyi ndi nthawi ya demokalase. Anthu ambiri afuna kuti igwe.”

“Ambiri ake ati? Itanani amayi onse amene ali ndi zipsera za nthyole kumsana, muwafunse pano ndikumva. Kale ankabwera ndi lamulo la kwa wapampando, lero mwabwera ndi lamulo la komiti. Ine ndinavotera kuti munthu azindifunsa.”

Anyamata ena anali atakwera kale mbali ya kummawa, ndipo anayamba kuzula. Fumbi ndi ndowe za mileme zinagwera m'nyemba za Edina. Iye anangozikutumula, osasuntha. Kenako analowa Dorica, mnzake wa ubwana amene anagwira nawo machira tsiku lija, nakhala pamphasapo. Anatsatira amayi ena, wina ndi mwana kumbuyo, wina ndi mtondo wake womwe. Mnyamata wina ali padenga anayang'ana pansi n'kuona mayi ake omubereka atakhala pansi pa lata lomwe ankazula. Anatsika mwakachetechete, ndipo anzake anatsika pambuyo pake. Binwell anauza anyamatawo kuti anyamule malata amene anali atazula kale, gawo ndithu la mbali imeneyo, ndipo anapita nawo.

Masabata otsatira anali owawa. Kunamveka mphekesera yoti Edina wagulidwa ndi a chipani chakale. Kukasupe amayi ena ankasiya kulankhula iye akafika. Wina anathyola nthambi za nachesi wake zili ndi maluwa. Mwana wake wamkulu, amene anakwatiwa ku Ligowe, anabwera kudzamupempha kuti asiye nkhaniyi asamukire kwa iye. Edina anamupatsa chikwakwa kuti athandize kumweta udzu. Iye, Dorica ndi amayi ena anafolera ndi udzu pamene panachoka malata, okha, chifukwa amuna ankaopa kuoneka ngati atenga mbali. Anazira pansi, natchinga ngodya imodzi ndi mphasa kuti pakhale popimira.

Ndiye kunabwera akuluakulu awiri a chipani chakale, atanyamula nkhuku. Anamuthokoza poteteza chimene iwo anachitcha chikumbutso cha chitukuko chawo, napempha kuti achitiremo msonkhano Loweruka. Mmodzi mwa iwo anali Alufeyo, amene anali mkulu wa anyamata a nthyole masiku omanga holo.

Edina anatembenukira kwa iye. “Bambo Alufeyo, mukundikumbuka?”

“Zakale zinapita, mayi. Tonse tinali pa lamulo.”

“Kwa inu zinapita. Tengani nkhuku yanuyo. Mkazi wanu kapena mwana wanu akakhala ndi pakati, abwere, tidzamulandira bwino. Koma inu ndi mbendera yanu, muno ayi.”

Anawaperekeza mpaka pamsewu, akulankhula mokweza kuti a kutchalitchi ndi a pathanthwe amve. Kuyambira tsiku limenelo mphekesera ija inazilala.

Namwino Mwalwanda anafika mvula yoyamba itagwa, akukankha njinga m'matope, sikelo ataimangirira pakaliyala. Panabwera amayi ochepa, chifukwa ena amuna awo anawaletsa. Mwezi wotsatira anachuluka, ndipo pofika nthawi yokolola ankachokera mpaka midzi ya kumalire ndi Mozambique. Masiku opanda sikelo, m'holomo munkaphunzira ana a sitandade wani amene anasefukira kusukulu maphunziro atakhala aulere. Maukwati ogwa m'dzinja ankadyeranso momwemo.

Binwell sanapepese, ndipo malata aja sanabwerere. Ena anakafolera khonde la sitolo yake. Iye ndi Edina ankapatsana moni wa pamaliro basi. Koma mkazi wake ankabwera kusikelo ngati wina aliyense, ndipo Edina ankamusungira malo pafupi ndi khoma, kopanda mphepo.

Kiyi wa holo anakhala ndi Edina mpaka mawondo ake atakana kukwera chitunda. Pamenepo komiti ya chitukuko inatuma munthu kudzatenga kiyiyo. Edina anamubweza, naitanitsa amayi onse pathanthwe, nawauza kuti asankhe okha wosunga kiyi. Anakangana mpaka dzuwa linapendeka, ndipo anasankha Triza, mayi wachitsikana wa ana atatu amene Edina sankamukonda kwenikweni chifukwa cha pakamwa. Edina anang'ung'udza, namupatsa kiyiyo, n'kumuuza kuti loko wake amafuna mafuta nthawi ya mvula.