Agogo a Nicanor Amene Sanaphepo Munthu

Mlendo akafika ku Mexicali, mzinda wa m'malire wa anthu olankhula Chisipanishi, sachedwa kumaliza zoona. Amadya mpunga wa Matchaina, n'kumwa mowa wozizira, n'kukajambulitsa pa mpanda wachitsulo wa m'malire ngati kuti ndi chinthu chokongola, basi dzuwa n'kumupirikitsa. Chomwe chimatsala ndi kutsikira m'zipinda zapansi pa nthaka za ku Chinesca, dera lakale la Matchaina, ndipo kumeneko n'kumene Nicanor Yee amadikirira, mano onse ali pamtunda.

Nicanor ndi bambo wa imvi zake amene sanakhalitsepo pantchito. Anagulitsapo mafani, analowapo m'fakitale n'kutulukamo mwezi usanathe, ati mabwana analibe ulemu. Chimene Mulungu anamupatsa ndi pakamwa basi. Mwayi wake unali woti pansi pa kashopu ka nsapato ka amayi ake, Doña Eulalia, pali chipinda chimene agogo ake, a Yee Sam, ankagonamo. Mkuluyu anachoka ku China kudzathyola thonje, kenako anayamba kusoka nsapato, ndipo ankagona pansi pa nthaka pothawa kutentha. Nkhani yonse ndi yomweyi. Koma ndani angalipire kuti amve za munthu wothawa thukuta?

Choncho Nicanor anapita kumsika wa zinthu zakale n'kukagula kaliwo wamtali, nyali zofiira zamapepala ndi mpeni wadzimbiri, zonse n'kuyala pabedi la malemuwo. Kuyambira pamenepo a Yee Sam anasanduka mfumu ya zigawenga. Ankagulitsa fodya woledzeretsa, ankazembetsa mowa kudzera m'njira yapansi yotulukira ku Calexico, kutsidya kwa malire, komanso anapha anthu atatu. Alendo akachuluka, ophedwawo ankachulukanso. Njira yapansiyo inali khoma wamba limene Nicanor anapakapo yekha simenti kuti lioneke ngati lotsekedwa.

Alendowonso musawamvere chisoni. Munthu wasiya nyumba yake yozizira bwino ku Arizona kudzasisita mpeni wosendera anyezi, uku akunong'oneza mnzake kuti thupi likuchita tsembwe. Ukawauza zoona amayasamula, ukawanamiza amawonjezera ya fanta.

Doña Eulalia sankadziwa kanthu. Maondo anawaletsa masitepe kalekale, ndipo Chingerezi samva. Ankangokhala pamwamba pafupi ndi fani, n'kumanyadira kuti mwana wawo wolowerera uja tsopano akuuza dziko za khama la bambo awo. Kutchalitchi analibe nkhani ina. Abale onse anali atamutaya Nicanor, kupatula gogo Eulalia, ndipo iye ankadziwa bwino kuti tsiku limene mayi akewo adzamve zimene amanena pansipo adzatsala yekha. Komabe sanasiye. Ankadzilimbitsa mtima kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Amene anaulula ndi mayi wina wa ku California, wamtima wabwino, wodziwa Chisipanishi chongokwanira kuwonongera zinthu. Atatuluka pansipo anakagwada pambali pa gogoyo, n'kuwagwira dzanja, n'kuwafunsa mwachifundo kuti zinkamveka bwanji kuleredwa ndi bambo wakupha anthu. Anapemphanso kuti ajambulitse limodzi. Gogoyo anajambulitsa, chifukwa mlendo sachititsidwa manyazi. Anthu atabalalika, anaitana mwana wawo.

"Ndibereke, iwe. Ndikufuna ndikaone kwa bambo anga."

"Amayi, masitepe aja ndi oterera. Nanga fumbi lija ndi chifuwa chanucho?"

"Ine ndinakubereka mpaka unayamba kuthamanga, sindinadandaule za fumbi. Werama."

Anawerama. Atawakhazika pabedi paja, gogoyo anayang'ana nyali zija, anatembenuza kaliwo uja, n'kuyesa mpeni ndi chala. Kenako anafunsa mofatsa kuti bambo awo anapha anthu angati.

"Zimatengera tsiku, amayi," anatero Nicanor, maso ali pansi.

Ataona kuti sanamukalipire, pakamwa panatsegukanso. Anafotokoza kuti azungu safuna nkhani za thonje, kuti anzake onse oyendetsa alendo amakometsera, kuti mankhwala a maondo amene gogoyo amamwa amachokera m'chipinda chomwecho. Zina mwa izi zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinkanyansa kwambiri. Doña Eulalia anamusiya mpaka mawu anamuthera.

"Zimenezi si zachilendo kwa ine," anatero. "Fodya, mipeni, Mtchaina wakuba. Ndinazimva kwa ana amene ankatigenda popita kusukulu. Koma iwo ankanena ulere."

Chipindacho sanatseke, poti munthu ayenera kudya. Anangomuuza kuti azinama mmene angathere, koma dzina la Yee Sam lisadzatulukenso pakamwa pake. Aziwauza alendo akewo kuti anali agogo a munthu wina. Nicanor anavomera msangamsanga, mumtima akuti wapulumuka motchipa, ndipo mawa lake chigawenga chija chinali ndi dzina latsopano.

Linafika tsiku lokumbukira akufa, limene mabanja amapita kumanda ndi maluwa achikasu ndi chakudya chimene malemu ankakonda. Nicanor anasita malaya, n'kunyamula mbale ya mpunga kuti akaike m'galimoto ya mchemwali wake. Amayi ake anali atakhala kale kutsogolo. Anatulutsa dzanja pawindo n'kulandira mbaleyo.

"Iwe tsala," anatero. "Kumeneko ulibeko m'bale."