Sofaje ya a Arnaldo

Ku Moatize ukanena kuti ukukonza chotenthetsera m'galimoto, anthu amayamba akuyang'anitsitsa kaye kuti aone ngati mutu ukukoka bwino. Kuno dzuwa limafewetsa phula pamsewu, ndipo madzi a m'chidebe amafunda okha. Koma a Arnaldo, amene ndinayandikana nawo nyumba ku bairo ya 25 de Setembro, atha zaka akulimbana ndi sofaje, kachipangizo kopumira mpweya wotentha kumapazi, m'Pijo yawo yakalekale ya 404. Ine Violeta ndaona zonse, chifukwa galimotoyo imaima pansi pa mtengo wa nimu wa m'malire mwathu, pomwe ndimakazingira mandasi.

A Arnaldo ndi Mnyungwe wa m'mbali mwa Zambezi, wamtali, wouma thupi, ndiponso woumira mawu. Ali mnyamata ankayendetsa Mpwitikizi wina wa ku mgodi wakale, ndipo mzunguyo pochoka anawasiyira makiyi. Nthawi ya nkhondo galimotoyo anaifotsera ndi udzu ku Mithete, pamene akazi awo, a Benvinda, anathawira ku Malawi ndi mwana kumsana. Mtendere utabwera a Benvinda anabwerera, ngakhale kwawo ndi kumapiri a Zóbuè ngati ine. Ku Mithete kunali munda wa m'mbali mwa mtsinje, ndipo mayi uja akagwira khasu amaiwala ndi njala yomwe.

Kenako kunabwera malasha. Kampani inakumba, anthu anasamutsidwa, banja la a Arnaldo linapatsidwa nyumba ya simenti kuno. Nyumba yabwino ndithu, koma pabwalo pake nkhuku zitatu zikhoza kupondana. A Benvinda anayesa kudzala chimanga m'zitini za penti. Ankasesa fumbi lakuda m'mawa, pofika masana labwereranso pazenera. Anapirira madzinja awiri. Mkulu wawo atamwalira ku Zóbuè anapita kumaliro, napeza munda wa malemuwo wopanda woulima, ndipo sanabwerenso. Mwana wawo Délcia anakwatiwa ku Beira. M'nyumba ya simenti munatsala a Arnaldo ndi wayilesi.

Mwezi uliwonse ankakwera phiri kukawatenga, mwezi uliwonse ankatsika okha. Nyengo yodzala yankho linali lakuti tidzale kaye, kenako tipalire kaye, kenako tikolole kaye. Ntchito ya kumunda imatha mu Juni, ndipo Juni wa ku Zóbuè si wamasewera, chifunga chimalowa mpaka m'mafupa. Pamenepo a Benvinda ankati, “Bambo a Délcia, karo yanuyi imazizira. Miyendo yangayi ndi ya nyamakazi, singapirire. Mukadzakonza ndidzatsika.”

Ine nditamva ndinangoti hmm. Kwathu mkazi woleredwa bwino sakana mwamuna wake pamaso. Amatchula mvula, amatchula mwendo, ndipo mwamuna wa makutu amamva chomwe chanenedwa. Ndinayesa kuwatsina khutu, ndikuwatchula tiyu, ndiye kuti malume, monga timachitira kuno. “Tiyu Arnaldo, kodi n'kuzizira kokha?” Iwo, amene amanditchula vizinya, kutanthauza mnansi, anandiyang'ana modabwa. “Vizinya, wanena yekha kuti karo imazizira. Ndiye ndikonza.” Anyungwe ena mawu amawatenga momwe abwerera, ngati njerwa.

Atatsegula boneti anapeza choyamba chimene aliyense wa kuno akanalosera. Mapaipi a labala opita ku sofaje anali atadulidwa kalekale n'kulumikizidwa okhaokha, kuti madzi otentha a injini asalowe n'komwe m'kati. Amakaniko onse a ku Tete amatero, ndani akufuna moto kumapazi? A Arnaldo anagula mapaipi atsopano, nalumikiza. Mpweya unatuluka wofunda pang'ono chabe. Anamasula karadiyadori kakang'ono ka pansi pa dashibodi, nakapeza katatsekeka ndi matope a madzi a mumtsinje wa Revúbuè amene akhala akuthira zaka zonsezi. Anakaviika mu vinyagre, viniga uja, nakapopera madzi chobwerera m'mbuyo, ndipo zimene zinatuluka zinadetsa bwalo langa sabata yathunthu. Ndinawakalipira. Anapepesa, nagula mandasi asanu omwe sanadye.

Anyamata a ku ofisina yokonzera magalimoto ya pakona anawapatsa dzina lakuti Tiyu Sofaje. Akamadutsa ankawakuwira kuti, “Mwavala juzi, madala?” Chimene chinkandipweteka ine ndi madzulo. Munthu wamkulu kudziphikira yekha kampoto kamodzi, kudya ataimirira pakhomo, kenako kukakhala m'galimoto yosayenda, dzanja lili pampando wopanda munthu. Ndine wamasiye, ndimaudziwa ulesi wotsuka mbale imodzi.

Tsiku loyesa anandiitana. Anailiza injini pansi pa nimu, masana a Meyi, nati ndiike dzanja. Ndinalichotsa msanga, kunali kutentha zedi. Anamwetulira mpaka ndinaona kuti mano awiri akumbali kulibe. Juni atafika anapukuta galimoto, navala malaya oyera, nakwera phiri.

Anabwera okha. Anakhala pa benchi langa osapempha, chinthu chimene sanachitepo. Akuti a Benvinda analowadi m'galimoto m'mawa, ndi kachikwama pamiyendo. Poyamba kunali kofunda. Atangoyamba kutsetsereka kulowera kumsewu wa phula, mpweya unayamba kuzirala, ndipo asanafike pamsika unali ngati wa panja. A Benvinda anangoti, “Mwaona? Imani ndibwerere.” Anabwerera wapansi. “Kuno imatentha, vizinya,” anatero a Arnaldo akupukusa mutu. “Kumene ikufunika, ikukana.” Ndinawamvera chisoni, komanso ndinafuna kuwagwedeza. Kuyesa chotenthetsera ku Moatize, kumene ngakhale mwala umatentha wokha!

Paulendo womwewo anandiuzanso, ngati nkhani yoseketsa, kuti akazi awo amangitsa chigafa pambali pa nyumba, cha mitengo ndi denga la udzu, chachitali koma chopapatiza. “Mbuzi ayi, fodya salima. Anthu a kwanu mumamanga zinthu zopanda mutu.” Galimoto yawo ankaisiya panja pa mpanda, pamame, ngati ya mlendo.

Chaka chinapita. Yankho analipeza pamalire a Zóbuè, kwa woyendetsa thiraki wina dzina lake Nando, amene anali pamzere wodikira kuwoloka ndipo anabwera kudzasirira Pijo. Pocheza anafunsa ngati terimositato ilimo. Ndi kachitseko kakang'ono kamene kamatsekereza madzi mpaka injini itatentha bwino. A Arnaldo anaseka. Anaichotsa okha ndi manja awo ali mnyamata, monga amachitira aliyense kuno, poopa kuti injini ingawire. Nando anati n'chifukwa chake. Popanda iyo, galimoto ikamatsetsereka m'mphepo yozizira injini siigwira ntchito yolemetsa, madzi amangozungulira n'kuzirala, ndipo sofaje ilibe poutenga moto.

Anaisakasaka m'masukata onse ogulitsa zitsulo zakale, kuno ndi kutsidya kwa mlatho, ku Tete. Ataipeza anabwera nayo kwa ine itakulungidwa m'kansalu. “Vizinya, ndibwerekeni poto.” Ndinaganiza kuti akufuna tiyi. Anaponyamo chitsulo chadzimbiri m'poto wanga wabwino, tonse awiri tinawerama kuyang'ana. Madzi atayamba kuwira, kachitsekoko kanayasamula pang'onopang'ono. Mkulu uja anawomba m'manja ngati mwana. Poto sindinamugwiritsenso ntchito, koma sindinadandaule mokweza.

Chinatsala ndi waya wotsegulira ndi kutsekera sofaje, amene anaduka ndipo sankapezeka kulikonse. A Arnaldo anangomanga kampopi kake ndi waya wa mpanda kuti kakhale kotsegula mpaka kalekale. Juni wotsatira ndinapempha kukwera nawo kuti ndikaone abale anga. Kuchoka pa Moatize mpaka kudutsa njira ya ku Nkondezi tinaphikidwa amoyo. Ndinatsegula mazenera onse, ndinatukwana chamumtima, iwo ali phee pachiwongolero, thukuta likutsika m'khosi, nkhope yowala. Titayamba kukwera mapiri ndinasiya kudandaula.

A Benvinda anatilandira bwino. Anali atanenepa, manja okhakhala, kuseri kwa nyumba kuli mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba. Chigafa chija ndinachiona, chosesedwa bwino, mulibe kanthu koma matumba awiri pakona. Ndinayang'ana chigafa, ndinayang'ana galimoto ili kunja kwa mpanda, ndinayamba kuganiza mozama.

M'mawa mwake kunali chifunga choti mtengo wa pabwalo osauona. A Benvinda anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Tinatsetsereka, tinadutsa pamsika, tinafika pa phula. Mpweya unali wotenthabe. A Arnaldo anapitirira pang'ono kuti pasakhale chokayikitsa, kenako anaima. A Benvinda anavula nsapato, naika mapazi pomwe pamatulukira mpweya, natsinzina. Anakhala choncho kanthawi ndithu.

“Yatentha,” anatero. “Mwagwira ntchito, bambo a Délcia.”

“Tsono tizipita?”

“Tembenukani kaye.”

Iwo anaganiza kuti n'zokatenga katundu. Titafika, a Benvinda anatsika, nachotsa mitengo iwiri ya pampanda, naima pakhomo pa chigafa. “Lowetsani muno.” A Arnaldo analowetsa. Galimoto inakwana ndendende, kutsogolo ndi kumbuyo kutatsala malo a dzanja, m'mbali mokwana kutsegula chitseko.

“Ndinaiyeza ndi chingwe tsiku lina inu mukusamba,” anatero a Benvinda. “Nthawi yonseyi ndimadikira kuti mufunse kuti n'chachiyani. Ine kumoto kuja sindibwerera. Ndikachite chiyani, ndizikasesa malasha mpaka kufa? Ku Mithete ndinakutsatirani chifukwa kunali munda. Tsopano munda uli kuno. Karo yanu ili ndi nyumba, inunso muli ndi nyumba.”

A Arnaldo anakhala m'galimoto injini ikulira. Kenako anati, motsitsa mawu, “Ndiye kuzizira kuja?”

“Kuzizira kunalipo. Koma sikunali konse.”

“Kwathu mwamuna sakhala kwa mkazi.”

“Kwanu kuti? Kwanu anakumba.”

A Benvinda anatilongedzera mbatata ndi kabichi, natiperekeza mpaka pampanda, ndipo sanabwezeretse mitengo iwiri ija. Tinatsika phiri awiri. Titalowa m'chigwa, moto utayambanso kumapazi, sindinayerekeze kudandaula. Ndinalira pang'ono kumbuyoko, ndikunamizira thukuta.

Patapita masiku anabwera pa benchi. “Vizinya, kwanu kuja, mkamwini wokalamba amamulimitsanso?” Ndinati ayi, amangomupatsa mpando ndi mbuzi zoti aziyang'ana. Anaseka pang'ono. Ndinasangalala, ndinayamba kale kuganiza za amene adzalowe m'nyumba yawo.

Koma Juni wina wadutsa, winanso wadutsa. Amapitabe mwezi ndi mwezi, amagona usiku umodzi, galimoto amaisiya kunja kwa mpanda. A Benvinda anasiya kutchula kuzizira, ndipo iwo anasiya kufunsa. Anyamata a ku ofisina awauza kangapo kuti adulenso mapaipi aja asanapse miyendo, koma safuna n'kumva komwe. Amayenda m'tauni muno mu Okutobala sofaje ili yotsegula, malaya atanyowa ngati agwa m'madzi.

Dzulo ndinalephera kupirira. Anali atawerama m'boneti, ine ndikutembenuza mandasi.

“Tiyu Arnaldo, musamuka liti? Mayi aja sakubwerera ku utsikana, inunso chimodzimodzi.”

Anapukuta manja nthawi yaitali. “Embrayaje, kilachi ija, ikuterereka, vizinya. Ndi katundu wa m'nyumba singakwere phiri lija. Ndikadzakonza ndidzapita.”

Galimoto imeneyo ndinaimva ikukwera chitunda cha ku siteshoni sabata yatha itanyamula matumba a simenti a mnansi wathu, osatsokomola n'komwe. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana pansi. Zaka zonse zija ndinkadandaula kuti munthuyu samva chiyankhulo cha kwathu. Wachiphunzira tsopano, ndipo akuchiyankhula bwino kuposa ife eni ake.

Ndinawapatsa mandasi awiri otentha. Anathokoza, nakalowa m'galimoto, nakhala mbali ya a Benvinda.