Thabwa la Mfuti ya Achimwene

Achimwene anga aakulu anayamba zowombera timbale tadothi titafika kale kuno ku Canada. Kwathu sanagwirepo ngakhale legeni. Mnzawo wina wa kubanki komwe ankagwira ntchito ndiye anawatengera ku kalabu ina kuseri kwa Oshawa, komwe makina amaponya timbale m'mwamba, anthu n'kumatiswa ndi mfuti zija zimamwaza tizipolopolo. Anabwerako atapenga nazo. Anatenga laisensi, n'kugula mfuti ya mipope iwiri, ndipo Loweruka lililonse ankalawira kuchoka ku Etobicoke n'kudutsa Toronto yense. Ine ndinkawaseka kuti munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, n'kumakaswa mbale ngati mwana wokana kutsuka. Iwo ankangoti ndi nsanje, poti ine nditayesa ndinaphonya zonse.

Chaka chimene ndikunenachi anayamba kuphonya nawonso. Anayambanso kuonda. Kolala ya malaya inkaima patali ndi khosi, ndipo lamba anachita kuboola bowo lina. Tonse tinkaona, koma panalibe wotsegula pakamwa. Ife amene tinakula zaka zija maliro anali a tsiku ndi tsiku kwathu timadziwa kuti kuuza munthu kuti waonda n'kumuloza chala. Ndiye kutchalitchi anthu ankawagwira chanza n'kumati akuoneka bwino, kenaka n'kukanong'onezana poimika magalimoto. Zinkandipsetsa mtima zedi, koma mng'ono safunsa mkulu wake za m'thupi.

Alamu anga, akazi awo, ndiwo anandiimbira foni. Anati achimwene akumapita okha kuchipatala chachikulu cha m'tauni, pobwera n'kumati ndi kashuga chabe. Anali atafunsa mpaka kutopa. Anandipempha kuti ine wobadwa nawo bere limodzi ndiyeseko. Ndinavomera, koma ndinali ndi mantha. Ndinkafuna kudziwa ngati mbale wanga akundisiya, koma yankho lake sindinkalifuna.

Mpata unapezeka pamene achimwene anandiuza kuti ndiwaperekeze kwa munthu wina wokonza mfuti cha ku Oshawa komweko. Anati thabwa la kumbuyo, lija limakhala paphewa ndi patsaya, liyenera kuti lapindika ndi kuzizira. Ndinayendetsa ndine. Njira yonse mlandu unali wa mfuti, ndipo tinafika funso langa ndisanalifunse.

Wokonzayo anali mzungu wachikulire, ndipo ankagwirira ntchito m'galaja kuseri kwa nyumba yake. Anatsegula mfuti kuti aone kuti mulibe kanthu, n'kuwapatsa achimwene. Anawauza kuti atsinzine, aiike paphewa monga amachitira nthawi zonse, kenaka atsegule maso. Iye anaima kutsogolo n'kumasuzumira motsata mpope. Anabwereza kangapo. Ndiye anafotokoza kuti mfuti yamtunduwu imadalira nkhope ya mwini wake: tsaya likagona pathabwa, diso liyenera kukhala pamwamba penipeni pa mpope. Mnofu wa tsaya ukachepa, diso limatsika n'kubisala kuseri kwa chitsulo, ndipo munthu amaphonya. Thabwa silinapindike ayi.

Kenaka, mwansangala, monga amachitira anthu akuno, anawayamikira kuti achepetsa thupi bwino, n'kufunsa kuti akudya chiyani kuti naye ayeseko. Mawu amene mpingo wonse unkawazemba, mlendo anangowatulutsa akumwetulira. Achimwene anathokoza mwaulemu. Bamboyo anawayang'ananso, maso ake n'kuima pakhosi paja, ndipo kumwetulira kunatha. Anangobwerera ku nkhani ya mfuti, ndipo ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa cha zimenezo.

Anati njira zilipo ziwiri. Ina inali kumata kachikopa pamwamba pa thabwa kuti tsaya likwere pang'ono, ndipo nkhope ikadzabwerera m'chimake n'kungomatula. Ina inali kudula chapamwamba pa thabwalo ndi sowo, n'kukhazika chidutswacho pa tizitsulo tiwiri kuti chizikwezeka nthawi iliyonse ikafunika. Koma thabwa ukadula wadula. Iye anati bola chikopa, chifukwa mtengowo unali wokongola, komanso thupi la munthu limabwerera.

Achimwene anakhala kanthawi akusisita thabwalo pamene panada ndi thukuta la tsaya lawo. Achimwenewa Chingerezi chawo chinali choposa changa, ndipo ankayankhula pamisonkhano ya mabwana osachita chibwibwi. Koma tsiku limenelo anatembenukira kwa ine n'kuyankhula Chichewa.

"Iwe, muuze adule."

"Achimwene, chikopacho si chokwanira? Mukadzanenepa tidzangomatula."

Anandiyang'ana m'maso, zomwe anali asanachite kwa miyezi.

"Muuze adule. Ndipo tizitsuloto aike tatitali, pakhale pokwezera pambiri. Tikachoka pano undiperekeze kwa alamu ako, ndikawauze iwe uli pomwepo."

Ndinamasulira za kudula ndi tizitsulo zokhazo. Kenaka bamboyo anatenga pensulo n'kulemba mzere pathabwa, achimwene atawerama pambali pake n'kumaonetsetsa kuti mzerewo wawongoka. Achimwenewo ankafunsa za kutalika kwa tizitsulo ndi tsiku lodzatenga mfuti, mawu ali phee, ngati munthu amene watula katundu. Katunduyo anali atagwera ine. Ndinanamizira kuti ndaiwala foni m'galimoto, ndipo ndinakalira kumeneko nditagwira chiwongolero, ine bambo wa ana akuluakulu.

Pobwerera achimwene sanatchulenso za mfuti. Tisanafike patali anagona tulo pampando, mutu utatsamira pagalasi. Magalimoto ankatipitirira, ena akuimba hutala, koma ine ndinangokhala kumbali n'kumayendetsa pang'onopang'ono. Ndinkadziwa kuti alamu ali pawindo kudikira, ndipo sindinkafuna kufika.