Galimoto ya Bowo la Chipolopolo

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ndinapita ku Chiponde kukagula galimoto yakale, zija zazitali kumbuyo, kwa bambo wina wothawa kwawo. Ndalama zanga za usipa zinkangokwanira imeneyo basi. Pachitseko panali bowo la chipolopolo.

Alamu anga atangoiona anagwira pakamwa. "Mlamu, mwagula tsoka. Bwanji osadikira yonyezimira ya ku Limbe?"

Ndinapsa mtima. Galimotoyo inanyamula banja lonse, mbuzi ndi makina osokera, n'kudutsa m'tchire asilikali akuwombera, injini osazima. Yonyezimirayo inadutsa pati?

Bowolo ndinalisiya dala osamata. Ndinawayankha kuti, "Alamu, iyi inakana kufa ndi mfuti. Ndiye lero iziopa maenje a msewu wa ku Chembe?"