Masamba Atatu Omaliza

Ndikukumbukira buku lina lopanda chikuto pasukulu yathu ya pulayimale kufupi ndi Chia. Linali lokhalo la nthano m'kabati ya ahedi, lonunkha nkhungu ndi mileme, ndipo tinkabwerekana masiku awiriawiri. Linkasimba za mnyamata amene mphepo inamukokera ndi bwato lake pakati pa nyanja yamchere.

Nthawi yanga itakwana ndinakaliwerengera pamsanja woingira mbalame kumunda wa mpunga. Mbalame zinadya mmene zinafunira, ine kunalibe. Msanja unkayendayenda ngati bwato, mpunga nkumachita mafunde, chitini cha miyala choopsezera mbalame chili zii pambali. Ndinkamva mchere pamilomo, munthu woti madzi amchere sindinawalawepo. Ndinalekezera pamene madzi akumwa anamuthera mnyamatayo. Mawa lake potsegula bukulo kusukulu, masamba atatu omaliza panalibe.

Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinalunjika kwa Yusufu, mnzanga wa desiki imodzi, poti ndinamuona atagwirako bukulo pa buleki.

"Iwe, bweza masamba."

"Ndidye mapepala ine? Ndine mbuzi?"

Ndinamugulula dzino. Ahedi anandipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, nkundiletsa kubwerekanso buku.

Kunyumba ndinapeza bambo anga akusoka ukonde patsinde pa mango, ndudu ya chingambwe ili pakamwa, zilembo za Chingerezi zikunyeka pang'onopang'ono.

"Ababa, pepalalo mwalitenga kuti?"

"M'buku lako lija. Usadandaule, ndang'amba kumapeto. Koyambira ndakusiyira konse."

Ndinangoima nkumayang'ana utsi ukukwera m'masamba a mango, mnyamata wanga ali momwemo. Kaya anafika kwawo, kaya anamira. Zaka zonsezi ndakhala ndikumumalizira ndekha: tsiku lina ndimamukocheza pagombe lathu la Benga, amayi ake akuthira nthungululu, tsiku lina ndimamusiya akupalasabe.

Chaka chatha sukulu yomweyo anailumikiza ku intaneti yothamanga, ndipo mlongoti wake anauzika pafupi ndi pamene ndinakumba dzenje lija. Pamsonkhano wa makolo bambo wina anati zimenezi zitiwonongera ana. Ndinamukalipira mpaka anzanga anachita kundikoka malaya, Yusufu akuseka ndi mpata wake wa dzino.

Mwana wanga Zainabu atamva nkhaniyi anati akandifufuzira pa kompyuta ya kusukulu.

"Ababa, dzina la bukulo ndi chiyani?"

Ndikanalidziwira kuti, chikuto panalibe? Iye anangolembamo mnyamata, bwato, nyanja. Akuti anatuluka anyamata ambirimbiri, aliyense m'bwato lake. Lachisanu lililonse amabwera ndi mmodzi nkundisimbira mpaka kumapeto, ine nkupukusa mutu kuti si ameneyo.

Wanga sanapezeke, mwina sadzapezeka. Koma Zainabu nthano zake amazimaliza zonse, ndipo palibe amene angamusutire.