Yunifomu M'thumba la Nandolo

Ndinakhala pachikamwini zaka khumi ndi zinayi, kumudzi kwa mkazi wanga chakumtunda kwa Mbulumbuzi, ndipo sindinamvepo kuti ndine mlendo mpaka tsiku limene tinamuika m'manda. Kwathu n'kuseri kwa Namadzi, ulendo woposa ola limodzi panjinga. Nyumba imene tinkakhala ndinaumba njerwa zake ndekha, kuwotcha ndekha, malata n'kukhoma ndekha. Mwana tinali naye mmodzi, wamkazi, wa zaka khumi. Mkazi wanga anadwala masabata awiri basi, chimanga chikumasula, nandolo amene tinabzala limodzi ali m'mawondo.

Patatha mwezi, atsibweni a malemuwo anabwera m'mawa ndikunola khasu. Iwowa ndiwo eni mbumba pamudzipo. Ndinene zoona, si munthu woipa ayi. Ndi bambo wofatsa, wolankhula akuyang'ana pansi, ndipo timapemphera mpingo umodzi.

"Bambo," anatero, "mwatisungira mwana wathu bwino, palibe angakudandauleni. Koma mwambo mukuudziwa. Mukolole kaye chimanga ndi nandolo, kenako tidzaitana ankhoswe anu, tikusudzuleni, mukaone moyo wina."

"Nanga mwana?" ndinafunsa.

"Mwana ali kwawo. Amake aakulu alipo."

Ndinapitiriza kunola khasu lija mpaka linatsala pang'ono kukhala lumo. Kusudzulidwa ndiko kumasulidwa: amakuuza pamaso pa anthu kuti ukwati watha ndi imfa, utenge zovala zako uzipita kwanu. Ndinkadziwa zimenezi chibadwire. Ndinakhalapo pa bwalo posudzula anzanga, n'kumagwedeza mutu ngati wanzeru. Koma sindinkadziwa kuti mawu akuti "mwana ali kwawo" amalasa chonchi. Ine amene ndinamubereka pamsana kupita naye kuchipatala atakomoka ndi malungo, lero ndikhale wongodutsa?

Kusungulumwa sikunabwere ndi phokoso. Kunayamba ndi alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, kunena kuti mwana wamkazi sayenera kumagona m'nyumba ndi bambo ake awiriwiri, ndiye azikagona ndi anzake kunyumba kwawo. Ndinavomera, poti zinali zomveka. Kenako anayamba kudyera komweko. Chakudya changa ankabweretsa yekha, kugwada, kuika pakhonde, n'kuthamanga kubwerera kumene kunali kuseka. Ndinkadya ndi nkhuku. Ndikuuzani, ndinafika poyamba kuzifunsa nkhukuzo kuti zaswera bwanji. Kutchalitchi maso anga ankangothawira kumbali ya amayi, pa benchi yachitatu, pamene ankakhala mkazi wanga, koma tsopano pankakhala munthu wina wa duku lofiira. Ndinkamuda mayiyo popanda chifukwa chilichonse, Mulungu andikhululukire.

Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu imene ndinaipeza ine, uliwonse unkakokera dengalo kwake. Mng'ono wanga, amene amagulitsa matimati pa Namadzi, sanachedwe n'komwe.

"Achimwene, mukugona inu! Mwana ndi wanu, magazi anu. Masiku ano ndani amaopa atsibweni? Mukwezeni panjinga tsiku la msika, basi nkhani yatha. Akafuna adzabwere kuno tidzaonane."

Mayi wina wachikulire wa mumpingo anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti pamudzipo pali msuweni wa malemu amene ukwati unatha, bwanji ndingolowa pamenepo kuti ndisachoke. Ha! Manda asanamere ndi udzu womwe! Ndinangoti zikomo, mano ndili kukukuta. Abusa nawo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo, ine sindingakusankhireni. Pemphani nzeru kwa Mulungu, ndipo mukapempha, mudikire." Ndinatuluka nditapsa mtima. Ndinkafuna munthu wondiuza kumanja kapena kumanzere, iwo akundipatsa ntchito yodikira.

Komabe ndinapemphera, poti ndinalibe kwina kolowera. Ndinkadzuka m'bandakucha kuwerenga Mawu. Ndinasala kudya masiku atatu, ndipo tsiku lachitatu ndinakwera kaphiri ka kuseri kwa minda yathu, n'kugwada pathanthwe mpaka mawondo anachita dzanzi. Lero ndikakumbukira mapemphero amenewo ndimachita manyazi. Ndinkati, "Ambuye, ndipatseni nzeru," koma mumtima nkhani ndinali nditaigamula kale. Ndinali ngati munthu wopita ku ofesi ndi kalata yolembalemba, wongofuna chidindo. Paphiripo sindinamve kanthu, koma mbuzi za eni ake ndi mphepo. Ndinatsika ndi njala, ndikudziuza kuti poti Mulungu sanakane, ndiye kuti wavomera.

Nandolo anauma mu Ogasiti. Ndinathyola ndekha, kumenya ndekha, ndipo uthenga unabwera kuti ankhoswe akumana pakatha masabata awiri. Mtima unandiuza kuti nthawi ndi yomweyi.

Mwana wanga ankachapa zovala zake Lachisanu akaweruka kusukulu, n'kudzaziyanika kunyumba kwathu, pa chingwe chimene amake anamanga pakati pa mpapaya ndi nkhokwe. Loweruka m'mawa ndinaanula yunifomu yake ndi madiresi awiri, ndinaziika pansi pa thumba, pamwamba n'kuthira nandolo mpaka theka. Ndinamanga pakamwa ndi luzi. Kenako ndinapita kwa alamu anga.

"Alamu, ndikupita kumsika ku Namadzi. Ndimati ndimutenge mwanayu akandiyang'anire njinga."

"Palibe vuto, alamu," anatero, n'kumumangira mbatata ziwiri zophika m'kapepala. "Koma mubwere dzuwa lisanalowe, ndikufuna ndimuluke tsitsi la kutchalitchi mawa."

"Tibwera msanga," ndinayankha. Ine yemwe uja wosala kudya masiku atatu, bodza linatuluka losalala ngati lapakidwa mafuta.

Mwanayo anakhala pamwamba pa thumba lija pa kaliyala, atandigwira malaya. Abale, mwanayo analankhula tsiku limenelo! Miyezi yonseyi ndinkangomva "ababa, chakudya" basi, koma panjinga pakamwa panatseguka. Anandiuza za aphunzitsi ake amene amayetsemula katatu asanayambe masamu, za mwana wa alamu amene amalankhula kutulo, za nyimbo imene akuphunzira kukwaya ya ana. Ndinkapalasa mtima ukuvina. Ndinati mumtima, mwaona, Ambuye, ndi zimenezi ndinkanena.

Titadutsa theka la ulendo, pa kanjira ka miyala kotsetsereka, tayala la kumbuyo linaphwa. Tinatsika pansi pa mtengo wa mango. Potsitsa thumba, luzi lija linaduka, nandolo n'kukhuthukira m'fumbi. Ndinatukwana pang'ono, ndivomere, kenako ndinatembenuza njinga n'kuyamba kumata chubu. Mwana anagwada kutola nandolo, akubwezera m'thumba ndi manja awiri.

Ndinazindikira kuti wasiya kulankhula. Nditacheuka, anali atagwira mkono wa diresi la buluu umene unatulukira pakati pa nandolo.

"Ababa, iyi si yunifomu yanga?"

Anapisa dzanja mpaka m'phewa, n'kutulutsa diresi lina, kenako linzake. Anazikutumula fumbi, n'kuziika pamiyendo pake.

"Sitibwerera?"

"Ayi, mwanawe. Tikakhala kwathu."

"Kwa ndani?"

Kwa ndani? Amayi anamwalira kalekale, nyumba yawo inagwa. Alongo anga awiri ali ndi ana awoawo, ndipo kamunda kamene anagawana sikakwana ndi iwo omwe. Mng'ono wanga wa mawu ambiri uja amachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo, amagona ndi madengu a matimati. Miyezi isanu ndikufuula kwa Mulungu, koma funso laling'ono limeneli sindinadzifunsepo.

Mwanayo anapinda yunifomu ija bwinobwino, monga amake ankapindira, manja kumbuyo. Misozi inkatsika koma sanalire mokweza.

"Mukanandiuza, ndikanatenga chitenje cha amayi," anatero. "Ndimafunda chimenecho."

Kenako anaimirira, kupukuta nkhope ndi mkono, n'kunena kuti, "Matani, ababa, tizipita."

Akanakana, akanadzigwetsa pansi n'kukuwa, mwina ndikanalimba mtima n'kumukweza mokakamiza, poti ine ndikapsa mtima sindimva. Koma anavomera. Anali wokonzeka kupita kulikonse kumene ndinganene, chifukwa ndine bambo ake. Pamenepo ndinadziona bwinobwino. Kwathu mwana wa mwamuna ndi mlendo. Sakanakhala ndi munda, sakanakhala ndi nyumba, azisuweni ake akanamukumbutsa tsiku lina kuti kwawo n'kwina. Nyumba ya malata imene ndinaithera thukuta ikanakhala yake pokhapokha iye ali pomwepo. Kumeneko kunali amake aakulu omuluka tsitsi, anzake ogona nawo mphasa imodzi, manda a amake. Ine ndinkamuchotsa pa zonsezi, osati kuti iye akhale bwino ayi. Ndinkamutenga kuti ndisamadye ndekha.

Ndinakhala pansi m'fumbi momwemo, chubu chili m'manja, ndipo ndinalira pamaso pa mwana wanga, zimene sindinachite ngakhale pamaliro. Kumwamba sikunatseguke, mawu sanamveke. Pemphero langa linali la mawu awiri okha: "Ambuye, ndamva." Nditamaliza kumata, ndinapopa, n'kutembenuza njinga kuyang'ana kumene tinachokera. Mwana anandipatsa mbatata imodzi, inayo anadya yekha, tikukankha njinga pachitunda.

Sindinafikire kunyumba. Ndinalunjika kwa atsibweni aja, ndinawapeza akusoka mphasa. Ndinatsitsa thumba, kutulutsa zovala zija pamaso pawo, n'kuwauza zonse, bodza langa lomwe. Anabaya singano pamphasa paja, n'kundiyang'ana.

"Mwachita bwino kubwerera," anatero. "Mukanafika, bwenzi lero tikulankhula zina, ndipo wovutika akanakhala mwanayu."

Tsiku limenelo ndi pamene ndinachita chimene ndikanayenera kuchita poyamba: kukhala pansi ndi kupempha ngati munthu. Ndinapempha kuti ndizibwera Loweruka lililonse popanda wondiyang'ana ndi diso lofiira, kuti za sukulu yake zikhalebe m'manja mwanga, ndiponso kuti nyumba ija asalowemo wina, idikire mwini wake. Anavomera zonse, ndipo anadzazibwereza pamaso pa ankhoswe. Alamu anga sanandilankhule masiku anayi. Sindiwaimba mlandu, ndinawanamiza iwo atatimangira mbatata.

Anthu ena amati ukapeza nzeru yochokera kwa Mulungu, mtima umakhala m'malo. Kaya, mwina kwa iwo. Ine wanga unkawawa chimodzimodzi, kungoti unasiya kukangana nane. Mng'ono wanga mpaka lero amati ndine wopusa. Ndimakhala m'kanyumba ka udzu pa malo a mlongo wanga, ndimagwira ganyu, ndipo ndimadyabe ndekha. Papita zaka zitatu. Loweruka ndimapalasa njira yomwe ija, ndipo ndikafika pa mtengo wa mango uja sindiyang'anako. Mwanayo watalika, akuyamba kufanana ndi amake poyenda. Amasesa nyumba ija ndi kutsegula mawindo kuti chiswe chisalowe.

Koma tsiku limene limandibwererabe ndi la kusudzulidwa. Ankhoswe analankhula, tinapemphera, anthu anandigwira chanza mmodzimmodzi. Katundu wa zaka khumi ndi zinayi anakwana pa kaliyala: chikwama cha zovala, khasu, chikwanje ndi ndowa ya nandolo wa mbewu. Makiyi ndinapereka m'manja mwa mwana. Amati mlendo ndi mame, ndipo ine ndinakamuka dzuwa lili pamutu, anthu akubwerera kuntchito zawo.

Anandiperekeza ndi mwana wanga yekha. Anaumirira kusenza ndowa ija, ine ndikukankha njinga, mpaka pa mphambano pamene anthu a m'mudzimo amalekezera alendo. Pamenepo anaima. Ndinamutula ndowa, n'kuimanga pa kaliyala. Kenako anapinda mawondo pang'ono, manja pamodzi, monga anamuphunzitsira amake kutsanzikana ndi anthu aulemu.

"Muyende bwino, ababa," anatero. "Mukapereke moni kwanu."

Ndinati ndikapereka. Ndinakankha njinga mpaka kuseri kwa nsungwi, kumene sakanandionanso, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndisanakwere.